Yaspi, mapiri ophulika ndi chala chobiriwira

Mayi wina wa ku Chilenje wandilembera imelo kufunsa ngati mphete imene anagula ili yeniyeni, popeza anauzidwa kuti ndi ya siliva ndipo mwala wake wofiira ndi yaspi wochokera kuphiri lophulika, koma chala chawo chayamba kubiriwira. Amayi, funso lanu landikhudza, chifukwa nkhani ya phiri lophulika ndaimva kwa ogulitsa ambiri mu Lusaka muno, ndipo nthawi zambiri imanenedwa pofuna kukweza mtengo.

Ndinakulira kwa amalume ku Matero, amene ankanola miyala kuseri kwa nyumba. Anthu ankawabweretsera aquamarine ndi tourmaline wa ku Lundazi, ena amethyst wa ku Mapatizya, ndipo aliyense ankalota za emerald wa ku Lufwanyama. Yaspi sankawerengedwa n'komwe. Amalume ankandipatsa zidutswa zake kuti ndiphunzirirepo kunola, poti ngakhale nditaswa sipakanakhala wolira. Koma ndi mwala umenewu umene unandiphunzitsa kudekha, chifukwa ndi wolimba, pakati pa 6.5 ndi 7 pa muyezo wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala, ndipo suwala msanga. Patapita zaka, achemwali anga anagula mkanda wobiriwira kwa munthu wina amene anawalumbirira kuti ndi yaspi wosowa. Mvula ya mu Disembala itawapeza akuchokera kutchalitchi, utoto wonse unatsikira pabulauzi yawo yoyera, ndipo mikanda inatsala yotuwa. Wogulitsayo anawauzanso za phiri lophulika.

Sindikunena kuti nkhaniyo ndi bodza. Yaspi ndi silika, chinthu chomwechi chimene chimapanga quartz, koma timibulu take ndi tating'ono kwambiri ndipo tasakanikirana ndi zinthu zina, n'chifukwa chake kuwala sikudutsamo. Chiphalaphala chikazizira n'kuuma chimasiya ming'alu ndi timaenje, ndipo madzi otentha okhala ndi silika amalowamo, kapena amanyowetsa phulusa la phirilo, n'kusiya silikayo kuti aume pang'onopang'ono. Kufiira kwake kumachokera ku chitsulo, monga mmene dzimbiri limafiirira. Yaspi wa madontho ozungulira wa kugombe la kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar ndi wa m'miyala yotere. Ngakhale kwathu kuno chiphalaphala chinayendapo: miyala yakuda ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya inauma zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, ndipo ku Ngabu m'dziko la Malawi amakumba agate, mbale wake wa yaspi, m'miyala ya mtundu womwewo. Komabe yaspi wina anapangika pansi pa nyanja zakale, m'mizere yosinthana ndi chitsulo, kotero si aliyense amene anachokera kuphiri.

Chimene ndikukana kwamtuwagalu n'chakuti chiyambi chimenechi chimachititsa mwalawo kukhala wosowa. Yaspi amapezeka m'mayiko ambiri, ndiponso m'zimiyala zikuluzikulu, moti kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Hermitage mumzinda wa St Petersburg ku Russia muli mbale yosemedwa kuchokera ku yaspi wa kumapiri a Altai yolemera matani 19. Ndi wokongola ndithu, ndipo buku la Chivumbulutso 21 limamutchula pofotokoza linga la Yerusalemu watsopano, koma kukongola ndi kusowa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choipa china n'chakuti dzinali likumatidwa pa mwala uliwonse wamawangamawanga. Wachikasu uja wa ku Indonesia wotchedwa bumblebee jasper si yaspi ayi: ndi wofewa ndipo muli poizoni wotchedwa arsenic, moti wonola ayenera kusamala ndi fumbi lake. Wogulitsa amene satha kusiyanitsa zimenezi alibe chifukwa chokuuzani za mapiri.

Tsono za mphete yanu, amayi

Ine ndikukayikira siliva kuposa mwala. Siliva wa zodzikongoletsera amakhala ndi chidindo cha 925, kutanthauza kuti magawo 92.5 pa 100 ndi siliva ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa. Siliva wotere amada akakhalitsa, ndipo amayeranso mukamupukuta, pamene chala chobiriwira kawirikawiri chimasonyeza kuti mpheteyo ndi ya mkuwa wokutidwa ndi siliva pamwamba chabe. Chidindo chokha musachidalire, poti aliyense angathe kuchidinda. Pitani nayo kwa mmisiri wosula siliva akaiyese ndi asidi. Mwalawo upukuteni ndi thonje loviika m'mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo kuti muone ngati ukusuluka, ndipo dziwani kuti nsonga ya mpeni siikanda yaspi weniweni. Ngati mwala uli wabwino koma mpheteyo ndi ya mkuwa, mmisiriyo angauchotse n'kuuika m'mphete ya siliva yozinga m'mbali mwake monse, imene imateteza m'mphepete mwa mwala kuti musabenthuke.