Musataye madziwo, mayi

Mayi wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, wandilembera kuti amuna awo, oyendetsa thiraki, abwera ndi dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo apongozi akuti migolo ya madzi ya kuseri kwa nyumba ndiyo ikuweta udzudzu. Kodi ataye madziwo?

Mayi, funso lanu landifika pamtima. Ine ndinakulira ku Tafara, pafupi ndi Mabvuku pomwepo, bambo anga anachokera ku Dedza. Mpopi wa kwathu unkangotulutsa mphepo. Amayi ankadzuka tambala woyamba kukaima pamzere kumjigo, nkubwera khosi litauma ndi ndowa. Madzi ochapira sankatayidwa, ankakolopera, otsala nkupita kuchimbudzi. Wouza munthu wotere kuti ataye madzi sanasenzepo ndowa, ndipo m'makomo mwathumu olamula zotaya amakhala omwe aja osatunga. Kolera ya 2008, ndi ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu Harare momwemo, inatisiyira maliro chifukwa cha madzi oipa. Lero abwino omwe mwavutikira muwakhuthulire pansi? Ayi ndithu.

Komabe apongozi asanyozedwe, akudziwapo kanthu. Udzudzu wa dengue, Aedes aegypti, ndi wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo. Umaluma m'mawa ndi chakumadzulo, neti ili chipachikire. Umaswana m'migolo, m'zitini, m'matayala akale amene mvula ya Disembala yadzazamo. Mazira umamata m'mbali mwa mgolo, ndipo amakhala amoyo miyezi ngakhale mgolowo uume, ndiye kukhuthula kokha sikuwapha. Pakatha sabata ndi masiku ochepa dzira lasanduka udzudzu. Koma ine ndikuti wouweta ndi mzinda wa mipopi youma ndi zinyalala zosatoledwa. Madzi akanamatuluka, ndani akanasunga migolo isanu? Nanga matayala ounjikana m'misewu anawataya ndinu?

Chochita tsopano

Bambowo matendawa anawatenga komweko ku Dar es Salaam, kumene anabuka kwambiri mu 2019. Agone m'neti ngakhale masana sabata yoyamba, kuti udzudzu usawalume nkukapatsira ana. Migolo vindikirani bwinobwino, ndipo sabata iliyonse muzikwecha m'kati mwake ndi burashi. Wodwalayo amwe madzi ambiri ndi paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen, chifukwa amenewo amawonjezera kutaya magazi. Kutentha thupi kukatsika koma akusanza, m'mimba mukupweteka, kapena nkhama zikutuluka magazi, thamangani nawo kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala kumene anayenda.