Funsani Odziwa: Gule wa ku Brazil wotchedwa Moçambique ndi wathu?

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa achinyamata zovina kuno ku Ulongué. Ndamva kuti ku Brazil kuli gule wotchedwa Moçambique. Kodi anachokera kwathu kuno? Ana anga akufunanso kupanga choimbira chija chonga uta cha capoeira, masewera a ku Brazil omenyana movina. Tiyambire pati? *Mphunzitsi, Angónia*

Yankho: Aphunzitsi, guleyo alipodi. Amavinidwa makamaka m'zigawo za Minas Gerais ndi São Paulo, pa zikondwerero za Congada zolemekeza Maria wa Korona ndi Benedito Woyera. Ku Minas, gulu la Moçambique ndi limene limaperekeza mafumu ovala zisoti, likuyenda mwaulemu, mapazi ali pansipansi. M'miyendo amamanga tizitini tokhala ndi njere, totchedwa gunga, ndipo mukatimva muganiza za maseche athu.

Koma dzina lokha lisatinamize. Akapolo ambiri okwezedwa zombo pa madoko a Quelimane ndi Ilha de Moçambique ankangotchedwa "Moçambique" akafika ku Rio de Janeiro, kaya ndi Amakua, Asena, Ayao kapena Amaravi. Ambiri anapita m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, malondawo asanatsekedwe mu 1850, ndipo ena anatengedwa m'chigwa cha Zambezi chomwechi. Komabe anthu a ku Angola ndi Congo ndiwo anali ochuluka kwambiri, ndipo anayamba kufika kale ife tisanafike. Choncho anawo muwauze kuti m'gulemo muli magazi a kuno, koma musaloze gule mmodzi wa ku Tete n'kunena kuti kholo lake ndi uyu. Ukapolo wa ku Brazil unatha mu 1888, anthuwo atasakanikirana kwa mibadwo.

Chibale chimaonekera bwino m'kachitidwe. Mu samba de roda ya ku Bahia anthu amapanga bwalo, mmodzi amatsogolera nyimbo ena n'kuvomera akuwomba m'manja, ndipo wovina amaitana mnzake pomugunda ndi mchombo. Mu gule wina wotchedwa jongo ng'oma amazisema pa mtengo umodzi, chikopa amachiwamba pamoto monga tichitira ndi mbalule. Samba de roda ndi Gule Wamkulu zinazindikiridwa ndi UNESCO chaka chimodzi, mu 2005.

Tsopano za uta uja. Dzina lake ndi berimbau, ndipo m'bale wake weniweni ndi hungo wa ku Angola. Mufunika ndodo yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, yonenepa masentimita awiri kapena awiri ndi theka. Ku Brazil amakonda mtengo wa biriba. Kuno sankhani mtengo wolimba, wowongoka, wopanda mfundo, umene umapindika osathyoka. Usendeni, uume pamthunzi. Ndodo yaiwisi imapindika n'kukhala momwemo, waya n'kulefuka.

Waya amachokera m'mphepete mwa tayala lagalimoto, mkombero uja umagwira rimu. Ng'ambani mphira ndi mpeni, musolole wayayo, mumupale ndi sandipepala mpaka awale. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amawotcha tayala kuti afulumire. Moto umafewetsa chitsulo, waya amalira mogontha ndipo amaduka pokunga. Mphira wotsalira nayenso amapha mawu.

Kumunsi kwa ndodo semani kamutu kokolowekapo waya. Kumtunda khomani kachikopa kokhuthala kozungulira, kuti waya akamadutsapo asang'ambe mtengo. Tsamiritsani ndodo pansi, muipinde ndi bondo, mukoke waya ndi chingwe chomangidwa kunsonga kwake, ndi kukulunga chingwecho pandodo. Ana aime patali pokunga, chifukwa waya akaduka amakwapula kumaso.

Chikho chikhale chouma bwino, chopanda mng'alu, chopalidwa mkati mpaka kuyera. Boolani tibowo tiwiri kumsana kwake, mulowetse chingwe cholimba chimene chizungulire ndodo ndi waya pamodzi, pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula kuchokera pansi. Chikho chachikulu chimatulutsa mawu otsika, chaching'ono mawu okwera. M'bwalo la capoeira amaimba mauta atatu, wa chikho chachikulu wotchedwanso gunga, wapakati médio ndi wa chaching'ono viola. Chikho chong'aluka chimangonjenjemera ngati chitini.

Poimba, chala chaching'ono cha kumanzere chimanyamula uta pa chingwe cha chikho, ndipo chachikulu ndi cholozera zimagwira mwala wosalala wophwatalala. Kumanja muli kandodo komenyera waya ka masentimita pafupifupi 40 ndi kadengu kanjere kotchedwa caxixi. Mawu alipo atatu: mwala usakhudze waya, chikho chitalikire mimba, mawu ndi otsika, mwala ukanikize waya, mawu akwera, mwala ungokhudza pang'ono chikho chitatsamira pamimba, pamveka kuti tswii. Yambitsani anawo mawu atatuwa okha kwa sabata, chifukwa chala chaching'ono chimapweteka masiku oyamba. Mukatha kuimba masulani waya, ndipo utawo musausiye padzuwa kapena pachinyezi cha m'dzinja.