"Zonse zimadontha" si yankho, achimwene

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Akufuna kugula Land Rover Defender 110 ya 2004 yomwe inachokera ku Britain. Atapita kukaiona mvula itangokata, anapeza makapeti ali chinyowere, madzi akudontha pakona pamwamba pa galasi lakutsogolo, ndipo m'munsi mwa zitseko penti watupa timatuza toyera. Wogulitsa anangoseka n'kuwauza kuti, "Zonse zimadontha izi, ndi mmene anazipangira." Ndiye akufunsa ngati zimenezi ndi zoona, komanso ngati agule.

Achimwene, mawu a wogulitsawo andipweteka mtima, chifukwa ndinawamvapo, ndipo ndinaona komwe anathera.

Malume anga ku Ntchisi anali ndi galimoto yakale ya m'tchire. Mtundu wake sinditchula, chifukwa amene anaipanga si amene anaipha. Mu Januwale, misewu ya kumudzi ikasanduka matope okhaokha, inali galimoto yokhayo m'dera lonse yomwe inkatha kutuluka n'kukafika pa tala. Mayi akayamba kumva kupweteka usiku, anthu ankagogoda kwa malume. Maliro akachitika, bokosi linkakwera momwemo. Feteleza, chimanga cha kuchigayo, ana opita ku sukulu yogonera konko, zonse. Malume sanali munthu wachuma. Galimotoyo anaigula ndi ndalama za fodya za zaka zambiri, ndipo ankaisamala koposa nyumba yomwe ankagonamo.

Denga litayamba kudontha anaitengera ku galaja ina m'tauni. Kumeneko anawauza mawu omwewa, kuti zonse zimadontha, musadandaule bambo, tingomata. Anapaka silicone m'ngalande ya denga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pamene panali timatuza anamatapo filler, n'kupopera penti watsopano. Inabwera kumudzi ikunyezimira, anthu n'kumawayamikira malume kuti agula ina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzi sanasiye kulowa. Anangosintha njira. Poyamba ankagwera pa bondo la woyendetsa, pamene munthu amawaona n'kupukuta. Atamata muja, anayamba kuyenda mobisika, kutsika ndi mzati wa pambali pa galasi mpaka pansi pa mapazi, n'kukhala pansi pa labala. Usiku wina ndinakwera nawo tikupititsa mayi anga kuchipatala, malungo atawapanikiza. Mvula inali ya mkuntho. Azakhali anakhala kumbuyo atawagoneka mayi pamiyendo pawo, ndipo madzi anabowola pena pomwe sitinkayembekezera, pamwamba penipeni pa wodwala. Azakhali anavula chitenje chawo chapamwamba n'kuchigwira m'mwamba ndi manja awiri ulendo wonse kuti mayi asanyowe kumaso. Titafika, manja awo ankanjenjemera moti analephera kutsegula chitseko. Mpaka lero munthu akamaseka nkhani ya denga lodontha, ine ndimaona manja amenewo.

Patadutsa mvula zingapo, tsiku lina malume akuponda kalachi anamva pansi pakugonja. Makaniko wina wachilungamo wa pa Mponela atachotsa labala, chitsulo chinkayoyoka m'manja. Atapala filler uja, pansi pake panali ziboo zolowa chala. Ndalama yoti akonze bwinobwino panalibe. Galimotoyo inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka anabwera ogula zitsulo. Chaka chotsatira wodwala ankapita kuchipatala pa ngolo.

N'chifukwa chake ndikukuuzani kuti wogulitsa wanuyo wanena zoona theka, ndipo theka limenelo ndi loopsa kuposa bodza. Inde, eni ake a Defender padziko lonse amadandaula za kudontha. Si chinsinsi. Galimoto imeneyi sinapangidwe ngati chigoba chimodzi chowotcherera. Ndi zidutswa zomangidwa ndi mabawuti ndi ma rivet: denga palokha, felemu ya galasi lakutsogolo payokha, mbali pazokha. Paliponse pamene zidutswa ziwiri zakumana pali labala kapena phula lomatira, ndipo zimenezi zimauma ndi dzuwa, zimang'aluka ndi kugwedezeka kwa msewu wa fumbi. Madzi amakonda kulowera m'ngalande ya denga, pa timawindo tating'ono topindika ta m'mbali mwa denga, pa labala wa pakati pa denga ndi felemu ya galasi, komanso pa timazenera ta mphepo tiwiri ta pansi pa galasi lakutsogolo, tomwe anasiya kuika mu 2007. Yanuyo ya 2004 ili nato.

Koma kunena kuti zonse zimadontha sikutanthauza kuti kudonthako kulibe vuto.

Anthu ambiri amati Land Rover ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri. Pamenepa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Land Rover yoyamba inatuluka mu 1948, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene, chitsulo chili chosowa ku Britain, ndiye bodi anaipanga ndi aluminiyamu wotchedwa Birmabright. Mwambo umenewu unapitirira mpaka Defender yomaliza ya mtundu wakale itatuluka m'fakitale ya ku Solihull pa 29 Januwale 2016. Koma ndi khungu lokha lomwe ndi aluminiyamu. Chasisi, felemu ya pansi yomwe imanyamula galimoto yonse, ndi chitsulo. Mafelemu a m'kati mwa zitseko za yanuyo ndi chitsulo. Chipupa cholekanitsa injini ndi okwera, chomwe amakaniko amati bulkhead, ndi chitsulo. Aluminiyamu ndi chitsulo zikakhudzana pali madzi, makamaka madzi a mchere, aluminiyamu amayamba kudyeka n'kusanduka ufa woyera. Timatuza mwaona m'munsi mwa zitsekoto ndi ufa umenewo ukukankha penti kuchokera m'kati. Mukaona thuza kunja, dziwani kuti felemu yachitsulo m'katimo inayamba kale kuwola.

Ndiye mwati inachokera ku Britain. Kumeneko nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Galimoto ya 2004 yomwe yakhala zaka ikuyenda mu mchere umenewo imafika kuno itadyeka kale pansi. Kuno kwathu mpweya wa miyezi ya chilimwe ndi wouma, dzimbiri limachedwerapo, koma silibwerera m'mbuyo. Pali ma Defender ena omwe ankamangidwa ku Rosslyn, m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, ena mpaka anali ndi injini ya petulo ya BMW ya 2.8. Ine nditapatsidwa mwayi wosankha pakati pa yomwe yakulira ku Gauteng ndi yochokera ku Britain, ndingayambe kaye kuona ya ku Gauteng, ngakhale ikhale yosaoneka bwino penti.

Ndipo musaganize kuti ndi matenda a galimoto zakale zokha. Mu 2021 Ford inabweretsanso Bronco ku America patapita zaka zambiri. Anthu analipira ndalama zambiri, anadikira miyezi. Atalandira, madenga olimba omwe inkapanga kampani ya ku Germany ya Webasto anayamba kusintha maonekedwe akanyowa: m'mphepete mukusenduka, pamwamba pakuoneka timizere ta zomwe zili m'kati mwa denga. Eni ake sanakhale chete. Anajambula zithunzi, anadandaula, anapitirizabe kudandaula. Mu Ogasiti chaka chomwecho Ford inalengeza kuti isintha madenga onse a mtundu umenewo, ngakhale inkanena kuti vuto linali la maonekedwe chabe. Eni ake a Jeep Wrangler yomwe inayamba kutuluka mu 2018 nawonso anaona penti akutupa mozungulira mahinjesi a zitseko za aluminiyamu, ndipo ena anatengera nkhaniyo kukhoti.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti anthu amenewo anadandaula chifukwa cha maonekedwe a denga, ndipo anawamvera. Ife kuno denga likuthira madzi pa wodwala, timauzidwa kuti ndi mmene zinapangidwira, n'kuvomera, mwinanso kuthokoza. Ndikudziwa, galimoto ya zaka makumi awiri palibe kampani yomwe ingakusinthireni denga. Koma ndiye chifukwa chake tiyenera kuuma mutu kuposa iwowo. Wa ku America ali ndi waranti, ali ndi loya. Inu muli ndi mphindi imodzi yokha ya mphamvu, pamene ndalama idakali m'thumba mwanu. Mukangoipereka, wogulitsa uja foni yake imayamba kusagwira.

Ndinenenso za ife eni, chifukwa si ogulitsa okha. Galimoto za m'tchire timazisenzetsa katundu pamwamba mopanda chisoni. Kaliyala wa padenga amagwira m'ngalande momwe muja, ndipo timakwezapo matumba a chimanga, malata, tayala, zigubu zodzaza, kenaka n'kuthamanga pa msewu wa mabampu. Kulemera konseko kumatsamira pa timiyendo tochepa, ngalande imapindika, pomatira pamang'aluka, mvula ikabwera tikudabwa. Buku la galimoto nthawi zambiri limanena malire a katundu wa padenga. Ndani mwa ife analitsegulapo? Ndipo okonza mabodi ena, osati onse, asiye khalidwe lomata pamwamba pa dzimbiri. Kumeneko si kukonza. Ndi kubisa, ndipo amene amalipira ndi munthu ngati malume anga, yemwe sangathe kugula ina. Silicone wa m'bafa uja, wonunkha ngati viniga, sayenera kuyandikira bodi ya galimoto. Penti sagwirapo, ndipo akayamba kumatuka amasunga madzi pansi pake.

Tsono mukapitanso, muone chiyani?

Mupite ndi tochi, sukuludiraiva, ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Yambani pansi, denga mumalizire. Lowani pansi pa galimoto, gogodani chasisi, makamaka chitsulo chopingasa cha kumbuyo ndi timikono totuluka m'mbali tomwe tanyamula bodi. Chitsulo chabwino chimalira bwino, chowola chimamveka buu n'kuyoyola zinyenyeswa. Ngati pansi ponse apakapo phula lakuda latsopano, funsani kuti akubisa chiyani.

Kenaka chotsani makapeti ndi labala kutsogolo, mukanikize pansi pa mapedulo ndi sukuludiraiva. Onaninso makona a pamwamba a bulkhead, pafupi ndi pomwe felemu ya galasi yamangidwa, ndi mizati yomwe zitseko zakoloweka. Tsegulani chitseko, muchinyamule pang'ono. Chikamasewera, mahinjesi kapena mzati watha. Maginito sakuthandizani kupeza filler pa bodi imeneyi chifukwa sagwira pa aluminiyamu, ndiye gogodani ndi chala, pomata pamamveka mosiyana.

Yanuyo ili ndi injini ya Td5. Kompyuta yake ili pansi pa mpando wa woyendetsa, batire pansi pa mpando winawo. Nyamulani mipando yonse iwiri. Mukapeza madzi kapena matope ouma m'mabokosi amenewo, chenjerani.

Pomaliza, inu khalani m'kati, wina athire madzi ndi paipi, kuyambira pansi pa galasi kukwera pang'onopang'ono, kuti mudziwe polowera penipeni. Pomwe madzi akudonthera nthawi zambiri si pomwe alowera.

Yankho langa ndi ili. Ngati chasisi ndi bulkhead zili zolimba, denga ndi zitseko zisakuthawitseni. Malabala amasinthidwa, ngalande amaipala mpaka poyera n'kumata ndi phula la bodi ya galimoto la polyurethane lomwe penti amagwirapo, ndipo zitseko zimamasulidwa ndi mabawuti. Funsani mtengo wa zonsezo, muuchotse pa mtengo wa galimoto, ndipo mukonzetse mvula ina isanayambe. Koma sukuludiraiva ikangolowa pansi pa mapedulo kapena pa chasisi, ndipo mulibe ndalama yapadera yosinthira bulkhead yonse, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu, achimwene. Wogulitsa akakana kuti munyamule makapeti, musachite kudikira kuti afotokoze.