Chifukwa chake mwala wa Shani ulibe denga

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Shani, mulungu wa m'mudzi wa Shani Shingnapur, ku Maharashtra m'dziko la India, amakhala pamtetete pomwe akachisi ena a Ahindu amamangidwa ataliatali.

Eni mudzi amaikamba motere. Kalekale madzi atasefukira, abusa anapeza mwala wakuda pafupi ndi mtsinje. Mmodzi ataugwaza ndi ndodo, akuti unachucha magazi. Usiku Shani anamudzera m'maloto, nati mwalawo ndi iye mwini, ndipo asamumangire denga chifukwa denga lake ndi thambo. Mpaka lero mwalawo, wotalika ngati munthu wamkulu, waima pansanja, dzuwa ndi mvula zili pa iwo. Loweruka, lomwe ndi tsiku la Shani, anthu amakhamukirako kukauthira mafuta.

Chimene chimandizunguza mutu ine n'chakuti nyumba zambiri kumeneko zilibe zitseko, poti amakhulupirira kuti Shani salekerera mbala. Ine tulo sindikanatiwona!

Amayi ankaletsedwa kukwera pansanjapo mpaka mu 2016, khothi lalikulu la ku Bombay litagamula kuti kumene abambo amalowa, iwonso ali ndi ufulu wolowako.