Za mafuta wafunsa aja, msuweni

Eee, msuweni. Pepa phokosoli, ndili pa renki ya Bree kuno ku Joni, ndikudikira taxi. Ndaliona funso lako pagulupu, lakuti chamba chamaluwa ndi chija chamafuta zimasiyana bwanji. Iwe? Iwe amene umatsokomola ndi utsi wa mbaula womwe? Hahaha. Ayi, ndadziwa kumene ukulowera. Dikira kaye.

Chamaluwa ndi chomwe tonse tikuchidziwa, mitu youmitsa ija, kuno amati dagga. Choledzeretsa ndi utomoni uli pamitupo, muli mankhwala otchedwa THC. Ndiye enawa amachotsa utomoni wokhawokha, zotsalazo n'kutaya. Wina amaufinya ndi zitsulo zamoto, amati rosin. Wina amasungunula ndi gasi, chimatuluka ngati phula, kapena ndinene uchi wogwirana, ndiye wax yo. Maluwa amphamvu THC imakhala cha m'ma 20 pa 100. Wax imadutsa 60, ina mpaka 80. Basi, kusiyana kwake n'kumeneko.

Koma ukuwakumbuka amalume atabwera kuno? Chaka chija cha nkhani ya malata... ayi, ndanama, malata inali pambuyo, chinali chaka chomwe anabwerera maso. Eya. Munthu uja umamudziwa, wakulira ku Nkhotakota, fodya wamkulu anamuyamba ife tisanabadwe. Ankatifotokozera mmene ankakulungira mitu m'makungwa a nthochi, n'kumanga ndi luzi zolimba, n'kuisiya miyezi mpaka ide, inunkhire bwino. Amati azungu akamati Malawi Gold amanena chimenecho, osati zinyalala za m'tauni. Amanyadira zedi.

Ndiye tsiku lina ndili kuntchito, iwo akuothera dzuwa pakhonde ku Yeoville kuja, mnyamata woyandikana naye nyumba anawaonetsa kabotolo. Anatapamo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga. Amalume akuti anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere, mwanawe, ukundipatsa zopatsa khanda? Anakoka kamodzi. Kamodzi kokha, msuweni. Pobwera ine madzulo ndinawapeza pansi pabafa, thukuta kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma, akuitana dzina la malemu azakhali. Akuti andilodza, munditengere kwathu ndikafere kumudzi. Iwe ukuseka, ndikudziwa, koma ine usiku umenewo ndinachita mantha osati masewera. Ndinachezera kuwagwira dzanja. Kutacha anangopempha phala, ndipo mpaka pokwera basi sanatchulenso za Malawi Gold. Munthu wosuta zaka makumi anayi ameneyo.

Aaa, taxi ija yadzadza. Chabwino.

Tsono tamvera. Iwe sukufunsira iwe. Ndamva kwa achemwali kuti mawondo a agogo ayambiranso, sakugona, ndipo wina wakuuza kuti ku Joni chamba n'chololedwa, mafuta ake amangogulitsa. Ukufuna ndikawapatsire anyamata a basi pa Park Station kabotolo. Sichoncho? Usakane.

Sinditumiza.

Kuno khoti lalikulu la malamulo linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu atha kusuta kapena kudzala chake kunyumba kwake, ndipo a Ramaphosa anasainira lamulo lake mu May 2024. Koma n'zakunyumba kwako, kugulitsa ayi, kudutsa nacho malire ndiye usayerekeze. Basi ija imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenako Mwanza, ndipo paliponsepo ndi mlandu. Kwathuko lamulo la 2020 lija, anthu amalimva molakwika, ndi la alimi ndi makampani okhala ndi chiphaso, olima chamankhwala ndi cha m'mafakitale. Osati kabotolo kobisa m'thumba la shuga. Akamugwira mnyamata wa basiyo atchula ndani? Ine wotumiza, iwe wolandira.

Komanso, mmm, ngakhale kakanafika. Timabotolo ta mumsewuti tilibe cholembedwa chilichonse, sudziwa ngati muli mafuta ofatsa kapena zija zinagwetsa amalume. Alipo ena m'mafamase kuno, a CBD, mankhwala ena a m'chamba momwemo, amenewo saledzeretsa, amalemba mlingo wake, osapitirira 20 mg patsiku. Koma agogo akumwa mankhwala a BP, ndipo zinthuzi zimatha kulimbana m'thupi. Za thupi la agogo anene ndi dokotala amene wawaona, osati ine ndi iwe pafoni. Ndipo zakumwa zimachedwa kugwira, nthawi zina mpaka maola awiri, munthu amaonjezera poganiza kuti sizikugwira. Tangoganiza agogo ali okha usiku m'nyumba muja zitawayamba.

Ndiye kabotolo ayi, msuweni, undikhululukire. Lachisanu ndikalandira ndikutumizira ndalama, ubwereke galimoto, upite nawo kuchipatala, ukafunse bwinobwino za mawondowo. Utenge ndi kabuku kawo kakuchipatala, kali m'chikwama chobiriwira chija.

Wamva? Ndalama ndituma, mafuta sindituma. Ndipo amalume usawauze kuti ndaulula za kubafa zija. Taxi yabwera, ndikuimbira usiku.