Chifukwa chake Google Analytics 4 sikukuuzani amene agule

Mwafunsa kuti bwanji gulu la "Likely 7-day purchasers" (anthu amene Google ikulosera kuti agula m'masiku 7 akubwerawa) silikuoneka pa akaunti ya shopu yanu ya Google Analytics 4, chida cha Google chowerengera zimene anthu akuchita pa webusaiti. Nthawi zambiri vuto ndi kuchepa kwa deta. Google imafuna kuti m'masiku 28 apitawa, pa sabata imodzi pakhale anthu obwereranso pa webusaiti osachepera 1,000 amene agula, ndi enanso 1,000 amene sanagule. Akachepa, makina olosera a Google alibe pophunzirira.

Yambani mwaona ngati chochitika cha "purchase" (uthenga wouza Google kuti munthu wagula pa webusaiti) chikutumizidwa, pamodzi ndi mtengo ndi mtundu wa ndalama. Apa m'pamene ambiri amagwa: kasitomala waona nsapato pa webusaiti, wafunsa saizi pa WhatsApp, walipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kwa Google, munthu ameneyu sanagule kanthu, choncho zolosera zimasokonekera.

Ngati ogula akadali ochepa, musadikire. Lembani mu Excel tsiku limene aliyense anagula komaliza, wagula kangati, ndalama zingati. Amene ankagula mwezi uliwonse koma akhala chete miyezi iwiri, atumizireni uthenga iwowo poyamba. Manambala akakwana, lumikizani akauntiyo ndi Google Ads (chida cha Google chotsatsira malonda) kuti gulu lija liziona zotsatsa zanu, ndipo musiyeko kagulu kosaona zotsatsazo kuti mudziwe ngati zikusinthadi kanthu.