Mahedifoni a ma ohm 250 akumveka motsika pa foni: ndigule ampulifaya iti?

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wa ku Zomba, ndipo ndaifupikitsa pang'ono. Akuti mchemwali wawo wa ku Johannesburg anawatumizira mahedifoni a Beyerdynamic DT 770 Pro, aja olembedwa kuti 250 ohm pambali. Akawalumikiza ku foni, nyimbo zikumveka chapansipansi, besi palibe, ngakhale akweze volyumu mpaka pamapeto. Anthu pa intaneti awasokoneza: ena akuti agule ampulifaya (chipangizo chokuza mawu) yotchedwa JDS Labs Atom, ena Schiit Magni, ena akuti popanda ampulifaya ya machubu agalasi, onga aja a mu wailesi zakale, ndiye kuti sanayambe kumva nyimbo. Funso lawo ndi lakuti: "Pa zitatuzi, yomveka bwino kwambiri ndi iti, ndipo yodula ndiye yabwino kodi?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Mahedifoni anuwo akufunikadi ampulifaya, koma yosadula. Atom ndi Magni zonse zikukwanirani, ndipo mutazitchera pa volyumu yofanana ndendende n'kutseka maso, sindikhulupirira kuti mungaloze kuti iyi ndi iti. Ya machubu isiyeni kaye. Chomwe chikuyenera kukutsogolerani posankha si mtengo kapena dzina, koma manambala awiri a mahedifoni anu komanso magetsi a kwathu kuno.

Nambala yoyamba ndi imene mwaiwona kale, 250 ohm. Imatchedwa impedance, ndipo imanena mmene waya wopyapyala wa m'kati mwa mahedifoni umakanizira magetsi kudutsa. Ganizirani paipi yopapatiza: kuti madzi atuluke okwanira, pamafunika mphamvu yambiri yowakankha. Mphamvu yokankhayo pa magetsi ndiyo ma volt, ndipo foni ili ndi ochepa. Nambala yachiwiri anthu amaiiwala, chonsecho ndiyo yofunika kuposa inzake: sensitivity, kutanthauza kukula kwa phokoso lomwe mahedifoni amatulutsa akapatsidwa mphamvu yodziwika. Beyerdynamic amalemba kuti DT 770 Pro imatulutsa 96 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) ikalandira milliwatt imodzi (muyeso wa mphamvu ya magetsi).

Tiyeni tiwerengetsere limodzi, chifukwa masamu ake ndi a ku sekondale basi. Mphamvu imapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma volt omwewo, kenaka n'kugawa ndi ma ohm. Kachingwe kaja ka Apple ka USB-C kolumikizira mahedifoni, komwe ku America kamagulitsidwa pa $9, kamatulutsa volt imodzi. Volt imodzi pa ma ohm 250 ndi ma milliwatt 4. Mphamvu ikawirikiza kawiri, phokoso limakwera ndi 3 dB yokha, choncho ma milliwatt 4 akufikitsani pa 102 dB. Koma kachingwe komweko kogulitsidwa ku Ulaya kamatulutsa theka la volt, yomwe ndi milliwatt imodzi yokha, 96 dB. Kuwonjezera apo, pa mafoni ambiri a Android kachingweka kamamveka motsika kuposa pa zipangizo za Apple. Mafoni ambiri okhala ndi kabowo kawokawo ka mahedifoni nawonso safika patali. Ndiye chomwe mukumvacho si vuto la makutu anu, kapena kuti mchemwali anakugulirani zachinyengo.

Mwina mufunsa kuti 102 dB si phokoso lalikulu kale kodi? Ndi lalikuludi. Koma nambalayo ndi denga, pomwe nyimbo ikamenya mwamphamvu imakagunda. Nyimbo zojambulidwa bwino, monga za jazz, za kwaya kapena za zing'wenyeng'wenye zambiri pamodzi, zimakhala ndi mpata waukulu pakati pa poyimba mofatsa ndi pomwe ng'oma yalira mwadzidzidzi, nthawi zina 15 kapena 20 dB. Ndiye chifukwa chake anthu ambiri powerengetsera amalinga pa 110 dB, kuti pakhale malo opumira. Kwa inu, kuchoka pa 96 kufika pa 110 kukufuna ma milliwatt 25, omwe pa ma ohm 250 ndi ma volt awiri ndi theka. Imeneyo ndiyo nambala yomwe muzipita nayo kumsika: ampulifaya iliyonse yotulutsa ma volt atatu kapena kuposerapo mosanjenjemera yakwana. Zotsalazo ndi zokometsera.

Tsopano pa ziwiri mwatchulazo. Schiit ndi kampani ya ku America yomwe Jason Stoddard ndi Mike Moffat anayambitsa mu 2010, ndipo Magni yoyamba inatuluka mu 2012 pa $99. JDS Labs, ya ku Illinois, inatulutsa Atom mu 2018, nayonso pa $99. Zonsezi zakhala zikusinthidwa mitundu ndipo mitengo yakwerako, koma mfundo ndi yomweyo: zimatulutsa ma volt ochuluka kuwirikiza kangapo omwe inu mukufuna, ndipo zolakwika zomwe zimawonjezera ku nyimbo n'zochepa moti khutu la munthu silingazitole. Atom yoyamba inali ya pulasitiki, yopepuka moti chingwe cholemera chimatha kuikoka pa tebulo. Magni ndi yachitsulo. Kunena zoona, kumeneko ndiye kusiyana komwe mudzakuone tsiku ndi tsiku. Gulani yomwe ikupezeka mosavuta kwa amene akukutumizirani.

Ndikudziwa kuti pali anthu omwe angalumbire kuti imodzi ndi "yotentha" inzake "yozizira". Pali chinthu chimodzi chomwe chimapusitsa aliyense: pa zipangizo ziwiri, chomwe chakwera volyumu pang'ono pokha, ngakhale ndi theka la dB, chimamveka ngati chabwinopo, besi yodzadza, mawu omasuka. Munthu samva kuti chakwera, amangomva kuti chakoma. Wogulitsa wochenjera amazidziwa zimenezi. Mukadzapeza mwayi woyerekeza, funsani kaye ngati volyumu yalinganizidwa ndi chipangizo choyezera, osati ndi khutu.

Pali nambala yachitatu, iyi ndi ya ampulifaya yeniyeniyo: output impedance, kutanthauza ma ohm a potulukira mawu pa ampulifayayo. Munthu wina wolemba pa intaneti, yemwe ankangodziwika ndi dzina loti NwAvGuy, ndiye anatchukitsa lamulo lake cha m'ma 2011, chaka chomwe anatulutsanso pulani ya ampulifaya yotsika mtengo yotchedwa O2. Lamulolo likuti ma ohm a ampulifaya asapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a ma ohm a mahedifoni. Kwa inu, 250 kugawa ndi 8 ndi pafupifupi 31, ndiye muli ndi mpata wochuluka. Atom ndi Magni zili pansi pa ohm imodzi. Koma mukadzagula timahedifoni tolowetsa m'khutu ta ma ohm 16, malire ake ndi ma ohm awiri okha. Ma ohm a ampulifaya akapitirira malirewo, kamvekedwe kamasintha: pena besi imafufuma, pena mawu am'mwamba amazilala, malinga ndi mmene mahedifoniwo anapangidwira.

Apa ndipo nkhani ya machubu ikulowera. Yotchuka kwambiri pa zotsikirako mtengo ndi Bottlehead Crack, yomwe imabwera ngati zidutswa, mwini wake n'kuziwotcherera yekha. Ili ndi machubu awiri, 12AU7 ndi 6080, ndipo output impedance yake ndi pafupifupi ma ohm 120. Ikuphwanya lamulo lija poyera, ndipo m'menemo ndi momwe muli kukoma kwake. Mahedifoni ngati Sennheiser HD 600, omwe anatuluka mu 1997, kapena HD 650 a mu 2003, amalembedwa kuti 300 ohm, koma impedance yawo imakwera kwambiri pafupi ndi 100 Hz, komwe kuli mawu a besi. Akakumana ndi ampulifaya yotere, besi ya pamenepo imanenepako, machubu n'kuwonjezera kafungo kawo, nyimbo n'kumveka yofewa. Sindikunyoza ayi, ndi kamvekedwe kosangalatsa. Koma dziwani chomwe mukugula: ndi zokometsera, osati kumva nyimbo mmene inajambulidwira. Ndipo siigwirizana ndi mahedifoni a ma ohm ochepa, makamaka aja a mtundu wotchedwa planar monga HiFiMan Sundara omwe amafuna magetsi ambiri oyenda. Machubu amatentha, amatha, ndipo galasi kuti lifike ku Zomba lili lamoyo ndi nkhani ina. Ikhale ampulifaya yanu yachiwiri, mukadzadziwa bwino chomwe khutu lanu limakonda.

Zomwe anthu a kunja sangakuuzeni ndi za magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito 230 volt ndi pulagi ya mano atatu ya ku Britain, pomwe ku America ndi 120 volt. Ma chaja a foni ndi laputopu amalandira zonse ziwiri, n'chifukwa chake tinazolowera kungosintha pulagi. Koma Atom ndi Magni zimabwera ndi thiransifoma yolemera ija yomwe imapangidwira mtundu umodzi wokha wa magetsi. Mukalowetsa ya 120 volt mu soketi yathu kudzera pa adaputala, mumva fungo la waya wopsa. Muuzeni wogulayo asankhe ya 230 volt. Ikachokera ku Joni, magetsi ake ndi ofanana ndi athu, chosiyana ndi pulagi basi. Muikenso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akamayaka atazima.

Ndipo ngati kwanuko magetsi amazimazima, dzifunseni ngati ampulifaya ya pa tebulo ndi yomwe mukufunadi. Madzulo a mdima ndiye nthawi yomwe munthu amafunitsitsa nyimbo. Qudelix 5K, kachipangizo kakang'ono ka ku South Korea kokhala ndi batire yakeyake, kamatulutsa ma volt awiri pa kabowo ka 3.5 mm. Pa mahedifoni anu amenewo ndi ma milliwatt 16, pafupifupi 108 dB, kutsala pang'ono kufika pomwe tinalinga, ndipo kwa nyimbo zambiri za masiku ano n'zokwanira ndithu. Mudzawerenga kuti kali ndi kabowo kena kotchedwa balanced, kofuna kuti khutu lililonse likhale ndi mawaya akeake, kotulutsa ma volt anayi. Musakopeke nako: chingwe cha DT 770 Pro yanuyo sichichotsedwa, ndipo kuti igwire pa balanced n'kufuna mmisiri aitsegule asinthe mawaya. Kuilumikiza ndi adaputala wamba kungawononge chipangizocho.

Musaiwale kuti Atom ndi Magni wamba ndi zokuza mawu chabe. Sizisandutsa manambala a mu foni kukhala mawu. Ntchito imeneyo ndi ya DAC. Simukufunika kugula ina yodula. Kachingwe kaja ka $9 kali ndi DAC yabwino m'kati mwake, ndiye mungochoka pa foni kupita ku kachingweko, kenaka ku ampulifaya. Atom ili ndi polowera pa 3.5 mm, pa Magni mufunika chingwe cha RCA, chofiira ndi choyera chija chomwe chimapezeka mu shopu iliyonse ya zamagetsi.

Pali chinthu chimodzi chomwe ampulifaya siidzakonza, ndipo ndibwino ndinene tsopano musanadzandilembere mokwiya. DT 770 Pro ili ndi mawu am'mwamba akuthwa, ma "s" a woyimba amalasa. Ndi mmene inapangidwira, ndipo ikapeza mphamvu zokwanira kuthwako sikuchoka. Mankhwala ake ndi EQ, pulogalamu yokweza kapena kutsitsa besi ndi mawu am'mwamba, yomwe ndi yaulere: Equalizer APO pa Windows, Wavelet pa Android, ndipo Qudelix ili nayo m'kati mwake. Kumbukirani kuti EQ ikakweza besi imayamba yatsitsa volyumu yonse ndi ma dB angapo, chomwe ndi chifukwa china chokhalira ndi ma volt otsala. Mapilo a m'makutu aja nawo akafwifwa amasintha kamvekedwe kuposa mmene kusintha ampulifaya kungachitire, ndipo atsopano amagulitsidwa paokha. Nyimbo zenizenizo nazo muziyang'ane: MP3 ya 128 kbps yotoledwa pa intaneti idzangoonekera poyera zilema zake. Sakani za 320 kbps kapena FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kalikonse ka nyimbo.

Pomaliza, za makutu. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imatsika ndi theka. 110 dB ija tinawerengetsera ndi ya kamphindi ka kugunda kwa ng'oma, si yomvera tsiku lonse. Ampulifaya ikafika, yambani pa gain (batani losankhira mlingo wokuzira mawu) yotsika, volyumu ili pansi, mukweze pang'onopang'ono. Mukavula mahedifoni n'kumva m'makutu mukulira, mwapitiriza, tsitsani.